Digiri Yakunja, Kalasi ya Kwathu

Mawu amene amayi aphunzitsi a m'gulu lathu analankhula pa tsiku la chikondwerero cha Mvano ku Soche



Komiti yokonza chikondwerero chino inatipempha ife amene tinagwirapo choko, ena opuma ndi ena amene tikadali pa ntchito, kuti tinenepo mawu pa nkhani imene yakhala ikutipeza kawirikawiri poyendera makomo. Mayi amatikokera pambali, nanena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga uja wapeza sukulu yakunja pa foni yake. Akuti akufuna digiri ya uphunzitsi wa Chingerezi. Kodi ndigulitse puloti yanga ija kuti ndimlipirire?" Funso lotere si loyankha mutaimirira pa msewu. Chotero tinakhala pansi masana angapo, tinasonkhanitsa zimene tinaona ndi zimene tidziwa, ndipo lero tabwera nazo kuti tiganizire pamodzi.

Chifukwa chake nkhaniyi ili ya pakhomo

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndi kuti Chingerezi chipitirire kugwira ntchito m'boma pamodzi ndi Chichewa. Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzira m'chiyankhulo cha kwathu kufikira Sitandade 4, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro onse ankatembenukira ku Chingerezi. Mu 2014 Unduna wa Maphunziro unalengezanso kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Tanthauzo lake nlakuti mwana amene sakumva Chingerezi sakumvanso sayansi, mbiri yakale ngakhale funso la masamu lolembedwa m'mawu.

Pa mayeso a Fomu 4 mpamene nkhaniyi imawawa. Kuti mwana alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala Chingerezi. Tonse muno tidziwa mtsikana wina wanzeru, wakuthwa pa masamu, amene anakhoza zonse koma Chingerezi chokha chinamgwetsa, nabwerera kunyumba chimanjamanja patatha zaka khumi ndi ziwiri za sukulu. Ena a iwo anabwereza, ena anakwatiwa chaka chomwecho. Ngakhale munthu wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, malamulo a dziko lino amafuna kuti adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Tsono mwana wathu akanena kuti akufuna kukhala mphunzitsi wa Chingerezi, tisamuone ngati wasowa chochita. Iye wasankha kukaima pa chipata pamene ana ambiri amagwerapo.

Zimene phiri ili linaona

Ife a ku Soche sitiyenera kudabwa ndi maphunziro akunja ngati chinthu chachilendo, pakuti nkhaniyi inayambira pakhomo pathu pomwe. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo mu 1909 inatsegula Henry Henderson Institute, kumene aphunzitsi ambiri oyamba a chigawo chino anasulidwa. Sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Koma yunivesite kunalibe. Munthu wofuna digiri m'masiku amenewo anayenera kuwoloka malire, kapena kuphunzira ndi makalata, kudikira positi miyezi kuti aone zimene mphunzitsi wake wa kutali walemba pa pepala lake.

Mmodzi wa amene anawoloka anali David Rubadiri. Iye anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda kuyambira 1952 mpaka 1956, ndipo m'zaka zimenezo Makerere inkapereka madigiri a University of London. Anaphunziranso za uphunzitsi ku Bristol ndi za mabuku a Chingerezi ku Cambridge. Anamangidwa pa nthawi ya chipolowe cha 1959. Dziko lisanalandire ufulu anali mkulu wa Soche Hill College, pansi pa phiri lomwe tikuliona pa zenerali. Mu 1964 anatumidwa kukhala kazembe woyamba wa Malaŵi ku America ndi ku United Nations, koma mu 1965 anatula udindo chifukwa chosagwirizana ndi boma la nthawi imeneyo. Kuchokera pamenepo anaphunzitsa ana a eni ake ku Uganda, ku Kenya ndi ku Botswana kwa zaka zambiri. Anadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malaŵi mu 2000, atakalamba kale, namwalira mu 2018.

Pa Soche Hill pomwepo panafika mnyamata wa ku America, Paul Theroux, amene anabwera ndi gulu la Peace Corps mu 1963. Ankaphunzitsa Chingerezi, nakhala pakati pa anthu ku Kanjedza, koma mu 1965 boma linamtulutsa m'dziko. Pambuyo pake anatchuka ndi kulemba mabuku. Onani tsono, amayi: m'chaka chimodzi chomwecho dziko linataya mwana wake wophunzira kunja ndi mlendo wodzathandiza. Amene anatsala ndi ana m'kalasi anali aphunzitsi wamba, amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse.

Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri. Soche Hill College inakhala nthambi yake yosula aphunzitsi a sekondale, mpaka mu 1973 pamene inasamukira ku Zomba kukaphatikizidwa ndi Chancellor College. Komabe mtima wakuti Chingerezi chenicheni chili ndi azungu okha sunathe msanga. Pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, aphunzitsi ake anatengedwa kunja. Ena a ife tinali atsikana m'masiku amenewo, ndipo tinakula tikuganiza kuti mwana wa Mmalaŵi sangaphunzitse Chingerezi chofika pamenepo. Maganizo amenewo ndi olakwika, ndipo tifuna kusonyeza chifukwa chake.

Chimene mphunzitsi wa Chingerezi amaphunzira

Kulankhula Chingerezi ndi kuphunzitsa Chingerezi ndi ntchito ziwiri zosiyana, monga kudya nsima kusiyana ndi kuiphika. Munthu wotenga digiri imeneyi amaphunzira m'mene mawu amatulukira m'kamwa, malamulo a chiyankhulo, mabuku a alembi a ku Africa ndi a kunja, m'mene ubongo wa mwana umatolera chiyankhulo chachiwiri, kakonzedwe ka phunziro ndi kafunsidwe ka mayeso. Zimenezi mayunivesite akunja ali nazo zambiri, pamodzi ndi nyumba za mabuku zimene ife sitinazionepo. Izi sitikana.

Koma pali nzeru ina imene mwana wathu ali nayo kale asanakwere ndege. Iye adziwa chifukwa chake mwana wa kuno amalakwa m'mene amalakwiramo. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, nchifukwa chake mwana amasokoneza pray ndi play, ndipo ena a ife tinamvapo wotsogolera mapemphero akuitana mpingo wonse kuti usewere. Musaseke kwambiri, amayi, pakuti tonse tinadzera momwemo. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi chimatchula oposa khumi, motero kwa mwana wathu ship ndi sheep zimamveka chimodzimodzi. Mawu athu amathera pa vawelo, nchifukwa chake book anasanduka buku, ndipo mwana amafuna kuwonjezera kamchira pa liwu lililonse. Ife timati iye kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, tsono mwana amatha kutcha amayi ake he osaona cholakwa. Mukamfunsa mwana kuti, "Sunadye?" iye amati, "Inde," kutanthauza kuti sanadye; koma m'Chingerezi yankho lomwelo liyenera kukhala no.

Mphunzitsi wochokera ku London angamve zolakwa zimenezi nangozilemba chizindikiro chofiira. Mphunzitsi woyamwa Chichewa amadziwa pamene muzu wake uli, ndipo akaphunzira bwino amadziwa ndi mankhwala ake omwe. Chotero tikuuzeni ana athu amene mukufuna ntchitoyi: musachite manyazi ndi Chichewa chanu, kapena Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitumbuka chanu. Mwana amene wadziwa kuwerenga bwino m'chiyankhulo cha amayi ake savutika kwambiri kuwerenga chachiwiri, chifukwa luso lolumikiza zilembo ndi limodzi. Ife tinakulira m'masukulu m'mene wolankhula Chichewa ankapatsidwa chilango. Chimene chilango chija chinabala ndi ana osalankhula konse, okhala duu kumbuyo kwa kalasi kuopa kusekedwa.

Chinanso nchakuti maphunziro ambiri akunja anakonzedwera kalasi ya ana ochepa, aliyense ndi buku lake. Ife taphunzitsapo ana oposa 100 m'chipinda chimodzi, ena atakhala pansi, buku limodzi ana asanu. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu a m'tauni sanapumepo. Wophunzira kunja akabwera ayenera kusula nzeru zake kachiwiri kuti zikwane m'kalasi yotere. Akapanda kutero amangodandaula chaka chimodzi, kenaka nkuthawa.

Njira zitatu, ndi maenje ake

Njira yoyamba ndiyo kupita kunja kukayamba digiri yoyamba komweko. Imeneyi ndi ya ndalama zambiri, zaka zitatu kapena zinayi za fizi, nyumba ndi chakudya, ndipo mabanja ochepa okha muno angaithe. Yachiwiri ndiyo kuphunzira ndi yunivesite yakunja uli kunyumba. Imeneyinso si yatsopano. University of London inayamba kupereka madigiri kwa anthu a kutali mu 1858, ndipo University of South Africa ya ku Pretoria inayamba kuphunzitsa ndi makalata mu 1946. Chasintha nchakuti positi yasanduka intaneti. Yachitatu ndiyo kutenga dipuloma kapena digiri yoyamba konkuno, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Domasi, ku Nalikule kapena ku Nguludi, kuphunzitsa zaka zingapo, kenaka nkupempha chithandizo chokatengera digiri yachiwiri kunja.

Ife, poona zimene taona, njira yachitatuyi ndiyo timaiyamikira koposa. Munthu amapita atalawa kale fumbi la choko, ali ndi mafunso ake enieni, ndipo sangotengeka ndi chilichonse chimene wamva. Komanso zithandizo zambiri zimatsegukira anthu otere. Chithandizo cha Chevening cha boma la Britain, chimene chinayamba mu 1983, chimalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Chimafuna munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo walonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Palinso cha Commonwealth ndi cha Fulbright cha ku America. Zonsezi nzolimbirana, koma palibe chimene chimafuna kuti mulipire munthu wapakati. Wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti akupezereni malo, gwirani chikwama chanu.

Mayunivesite ambiri akunja amafunanso mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, amene amayesa kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo malikisi ake amalekezera pa 9. Mayesowa ndi olipira, ndipo zotsatira zake kawirikawiri zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha. Mwana asathamangire kulemba asanadziwe kumene akupita.

Tsopano tinene za maenje. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wa mmodzi wa ife, amene sititchula dzina lake, anapeza sukulu pa intaneti yokhala ndi zithunzi zokongola za nyumba zazitali ndi ophunzira ovala mikanjo. Amayi ake anagulitsa makina awo osokera, natenganso ngongole ku banki m'khonde. Mtsikanayo anawerenga usiku kwa zaka ziwiri, ndipo pepala linabweradi, la chidindo chagolide. Atapita nalo kukafuna ntchito anauzidwa kuti sukuluyo sidziwika ngakhale m'dziko lomwe imati ilimo. Tinapita kukawaona amayi aja. Sanalire ndalama ayi, analira zaka ziwiri za mwana wawo.

Zoterezi zili ndi mpanda wake. Lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, limene lili ku Lilongwe. Ntchito yake ina ndiyo kuunika mapepala a maphunziro ochokera kunja ndi kunena ngati ali ovomerezeka kuno. Lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsanso Teachers Council of Malawi yolembetsa aphunzitsi. Funsani kumeneko musanalipire tambala, osati pepala litafika kale. Safunsa anadya phula.

Pofunsapo, funsaninso izi. Kodi chimene mwana adzalandire ndi digiri, kapena ndi satifiketi ya masabata ochepa? Pali masatifiketi ena enieni, monga CELTA ya ku Cambridge, imene munthu angaimalize pa mwezi umodzi. Ndi yabwino pa ntchito yake yophunzitsa akuluakulu, koma si digiri, ndipo simlowetsa munthu m'malo mwa maphunziro a uphunzitsi. Kodi mwanayo adzayeserera kuti kuphunzitsa, ndipo adzamuyang'anira ndani ali kutsogolo kwa ana? Sukulu ya uphunzitsi yopanda kalasi ili ngati kuphunzira kuphika pa wailesi. Kodi fizi ili m'ndalama yanji? Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Mabanja amene ankalipira m'madola anagona ali ndi ngongole ina, nadzuka ali ndi ina yokulirapo. Werengerani zaka zonse za maphunziro, pamodzi ndi mtengo wa intaneti ndi masiku amene magetsi adzazima, musanayambe chaka choyamba.

Mbali yathu ife amayi

Tisathere pa zowawa zokha. Pali mayi wina pakati pathu, mphunzitsi wa sekondale yoyendera, amene anapeza chithandizo chokaphunzira ku Britain chaka chimodzi. Anali ndi ana atatu, wamng'ono wa zaka zinayi. Achibale ena anati mkazi wapabanja sangasiye nyumba chaka chathunthu. Bambo a kunyumba kwake anaima nji, nati apite. Amayi a dera lake anagawana masiku: wina kuona ana Lachiwiri, wina kuchapa mayunifolomu Loweruka, wina kupita ku sukulu pa tsiku la makolo. Chaka chinatha, mayiyo anabwera. Lero ali pa sukulu yomwe ija, ndipo Loweruka lina amasonkhanitsa aphunzitsi anzake a masukulu oyandikana kuti agawane zimene anaphunzira. Digiri ija inalembedwa dzina la munthu mmodzi, koma ife tidziwa manja amene anaisenza. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani ya kubwerera tiinene mosabisa. M'masiku a Rubadiri zimene zinkatsekereza ophunzira kunja zinali ndale. Lero ndi malipiro. Mwana wathu akafika kumeneko adzaona kuti ntchito ya sabata imodzi ingampatse ndalama zimene kuno amalandira pa mwezi kapena kuposa, ndipo ife tomwe tidzayamba kumlembera kuti atumize za feteleza ndi za malata. Sitiweruza aliyense amene anatsalira kunja, pakuti ambiri a iwo akusunga mabanja muno. Koma tidzifunse ngati si ife amene timawamangirira kumeneko ndi zopempha zathu. Ana a ku London ali nawo aphunzitsi a Chingerezi okwanira. Amene akusowa mphunzitsi ndi mtsikana wa ku Chilobwe uja, amene alemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa.

Chotero tikupempha zinthu zochepa. Mwa ife muli aphunzitsi opuma ambiri. Mayi aliyense amene mwana wake wapeza sukulu yakunja abwere nawo mapepala, tiwerengere limodzi asanalipire. Komiti iganizire ngati thumba lathu la chifundo lingathandizeko pa zinthu zing'onozing'ono zimene zimagwetsa ana osauka pa khomo penipeni, monga ndalama ya pasipoti, ya mayeso, kapena ya basi yopita ku Lilongwe. Abambo, mwana wamkazi kapena mayi wa kunyumba akapeza mwayi wotere, mawu anu oyamba ndiwo adzatsegula kapena kutseka njira. Ndipo m'nyumba zathu tiyambe lero: nyuzipepala yakale isathere kukulunga mandasi mwana asanaiwerenge, ndipo mdzukulu akabwera ku sukulu timfunse kuti atiwerengere tsamba limodzi mokweza, la Chichewa lero, la Chingerezi mawa, ngakhale ife eni sitikumva mawu onse. M'mera mpoyamba.

Kwa inu atsikana amene mwakhala kumbuyoko, uphunzitsi sudzakulemeretsani, ndipo ife amene taugwira zaka makumi atatu sitingakunamizeni. Koma ife tikamayenda mu msika wa Limbe, kapena tikagona pa bedi ku chipatala cha Gulupu, pamabwera munthu wamkulu, namwino kapena kalaliki, nagwada pang'ono nati, "Aphunzitsi, mwandiiwala? Munandiphunzitsa Fomu 2." Pitani kumene maphunziro akuitanirani, kaya ndi ku Zomba kaya ndi kutsidya kwa nyanja. Funsani musanalipire, phunzirani ndi mtima wonse, ndipo mukamaliza mudzatipeza konkuno, kalasi ikudikira.